Kupepesa Popanda Maliro

Woolwich, London
5 Juni 2005

Okondedwa achimwene a Lyson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Thondweko. Ine ndili bwino, kungoti miyendo yayamba kudandaula ndi mashifiti a kunyumba ya okalamba kuja. Anjimile akupereka moni. Ali ku Leeds komweko ndi maphunziro ake, ndipo akuti tchuthi chino sabwera, wapeza kaganyu.

Nkhani ndi yakuti ndalandira mlendo. Lamulungu lapitalo abusa athu ananena kuti mbusa mnzawo wa ku America wapempha malo ogona a mtsikana wa mumpingo mwake, wosewera tenisi. Anthu onse maso pansi. Ine, ndi pakamwa pangapa mukupadziwa, ndinangozimva ndikunena kuti chipinda cha mwana wanga chikungokhala.

Dzina lake ndi Dana Tolliver, wa zaka 29, wakuda ngati ife tomwe, wamtali moti zinthu za pamwamba pa kabati amangotenga osaponda mpando. Tenisi ndiyo ntchito yake, achimwene, musaseke. Akuti kale anafikapo pa nambala 60 pa akazi onse a dziko lapansi, akugona m'mahotela, ali ndi mphunzitsi wakewake. Kenako bondo linavulala, anamuchita opaleshoni kawiri, n'kukhala chaka ndi theka osasewera. Pobwerera anapeza mphunzitsi wapita kwa wina, ndipo amene ankamupatsa nsapato ndi zovala nawonso ali zii. N'chifukwa chake lero akugona pa bedi la Anjimile miyendo ili panja.

Wadzera mpikisano waukulu uja wa ku Wimbledon, koma sangofikira kulowa ayi. Ayenera kuyamba wapambana masewero atatu kumalo ena otchedwa Roehampton, kumene amasefera anthu ngati ufa. Wandiuza poyera kuti akalephera ulendo uno asiya tenisi. Ananena mosavuta, uku akusenda nthochi.

M'mawa uliwonse amakwera sitima ziwiri ndi basi, chikwama chachikulu kumsana, yekhayekha. Kudya kwake ndiye kwandigonjetsa: nthochi, mpunga woyera ndi nkhuku yopanda mafuta. Ndinamukazingira usipa uja munanditumizira, anadya tiwiri mwaulemu n'kumwa madzi ambiri.

Magalasi anu ndagula, ndikudikira wobwera kumeneko. Mundiuzeko za zokolola.

Ndine mlongo wanu,
Rabecca

Woolwich
17 Juni 2005

Achimwene,

Moni nonse. Sindinadikire yankho lanu chifukwa mtima wanga suli m'malo.

Dana anagonja Lachiwiri, pa sewero loyamba lomwe. Ine sindinapite, ndinali pa shifiti. Ndikufika madzulo ndinapeza chikwama chake chili chogwa pakhomo, chipinda chokiya. Ndinagogoda, osayankha. Koma kulira ndinakumva, kulira kwa munthu amene waluma pilo kuti ena asamve. Lachitatu chimodzimodzi. Chakudya ndimasiya pakhomo, ndimachipeza momwemo.

Lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinaimbira mayi Gladys, amene amatsogolera amayi a Mvano kutchalitchi kwathu kuno, n'kuwauza zonse, kuti ndi za mpira, palibe wamwalira. Iwo anangofunsa kuti, "Akulira yekha?" Nditavomera anati, "Tikubwera."

Pofika masana anali atabwera asanu ndi mmodzi, ena ali ndi yunifolomu ya kuntchito, zitenje m'mahandibagi. Tinakankhira mipando kukhoma, tinavula nsapato, n'kukhala pansi pa kapeti miyendo chotambalala, kuyang'ana chitseko chake. Palibe anagogoda. Tinangokhala chete, kenako mayi Gladys anayambitsa nyimbo chapansipansi.

Patapita ngati ola chitseko chinatseguka. Anatiyang'ana, maso otupa, n'kufunsa kuti, "Wamwalira ndani?"

Mayi Gladys anati, "Palibe, mwanangu. Tabwera kudzakhala nawe."

Dana anatuluka m'chipindamo. Kenako anakhala pansi chakumapeto, bondo lija ataliwongola. Mayi Gladys anamukoka n'kugoneka mutu wake pamiyendo pawo, ndipo mwana wa eni analira mokweza, kulira kwenikweni. Atatonthola anamwa phala. Pochoka amayi aja, aliyense anamugwira dzanja n'kunena kuti pepa. Ine mumtima ndinati zayenda.

Lero m'mawa ndinapita kumsika kukamugulira nthochi. Pobwera ndapeza bedi loyala bwinobwino, kiyi ali patebulo, chikwama palibe. Ngakhale kakalata, achimwene. Wapita osatsanzika.

Ndiye ndikufunseni inu amene munandilera: ndinalakwa?

Rabecca

Thondwe, Zomba
9 Julayi 2005

Mlongo wanga Rabecca,

Makalata ako onse awiri ndawalandira tsiku limodzi, chifukwa a positi kuno amadikira kuti achuluke. Tonse tili bwino. Zokolola ndiye usafunse, mvula inadula mu Febuluwale chimanga chili pa ngaiyaye.

Kalata yoyamba ndinaseka. Ndinawerengera aphunzitsi anzanga kuti kuli anthu kunjaku amene ntchito yawo ndi kumenya kampira kuti kadutse ukonde. Yachiwiri sindinawerengere munthu.

Wafunsa, ndiye ndiyankha. Unalakwa. Chikhalire ine sindinamve kuti anthu amavula nsapato n'kukhala chotambalala m'nyumba mopanda mtembo. Amenewo ndi malodza. Ukanakhala kuno akuluakulu akanakufunsa kuti ukufuna kuika ndani. Ndipo amayi a Mvano athunthu, anthu oti amadziwa mwambo, n'kukutsatira? Kodi kuzizira kwa kumeneko kumalowa mpaka m'mutu?

Taganiza za mwana wa eniyo. Wagonja, manyazi amugwira, wabisala kuti apume. Akutsegula chitseko n'kupeza anthu osawadziwa akumuimbira nyimbo za maliro. Munamuuza chiyani pamenepo? Munamuuza kuti ntchito yake yafa, ndipo mwabwera kudzaiika. Ngati anali ndi kamtima koti ayesenso, inu munakakwirira. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma uyu munachita kumusasa.

Sindikunena kuti uli ndi mtima woipa. Kuyambira uli mwana umathamangira pamoto ndi ndowa usanafunse ngati ndi nyumba kapena akuwotcha zinyalala.

Magalasiwo upatsire msanga, pa bolodi ndikulemba mongoyerekeza.

Ndine mlongo wako,
Lyson

Thondwe
22 Okutobala 2005

Rabecca,

Moni. Magalasi anafika mu Ogasiti, zikomo, koma munalibe ngakhale mzere umodzi wochokera kwa iwe. Ndinagwedeza envulopu kawiri. Alamu ako akuti ndinakulembera ngati ndikudzudzula mwana wa Sitandade 5. Mwina n'zoona, choko chinandilowa m'magazi.

Ngati ukudwala, nena. Ngati wakwiya, nenanso, ndi bwino kundilalatira kusiyana ndi kundisiya ndikuyang'ana njira ya ku positi. Nanga mtsikana wa kampira uja, unamvako za iye?

Lyson

Woolwich
13 Novembala 2005

Achimwene,

Moni. Sindikudwala. Ndinakwiya, ndipo ndikanalemba nthawi imene ija mukanang'amba kalatayo.

Za Dana ndinafunsa abusa, iwo anafunsa mnzawo wa ku America. Akuti anasiyadi. Akugulitsa mipira m'kasitolo ka pabwalo lina kwawoko, n'kumaphunzitsa azimayi olemera kugwira chomenyera. Ndiye mwina munanena zoona, tinamuika ndife. Ndimaganiza zimenezi ndikamasambitsa nkhalamba zanga, ndimaganiza m'basi, sizikundichoka.

Koma pali chimene simukuchidziwa, chifukwa sindinakuuzeni. Pamene bambo a Anjimile, a Augustine, anamwalira mu Januwale 2001, tinali titangotha miyezi isanu kuno. Tinkakhala ku Edmonton, sitinkadziwa Mmalawi ndi mmodzi yemwe. Thupi linakwera ndege lokha, ine mapepala anga anali asanatuluke, ndikanapita sindikanabwereranso. Inu munawaika bwino, munandilembera kuti anthu anadzaza mpaka kumsewu, amayi anagona m'nyumba masiku atatu. Ndinathokoza. Koma tsiku limene inu mumaika, ine ndinali ndekha m'kachipinda ndi mwana. Ndinalowa m'bafa, ndinatsegula madzi kuti asamve, n'kuluma thawulo. Mawa lake ndinapita kuntchito. Mzungu wina anandigwira paphewa n'kunena kuti pepa, kenako anandifunsa ngati ndingagwire Loweruka.

Ndiye pamene ndinamva kulira kuja kuseri kwa chitseko, sindinamve za mpira ayi. Ndinakudziwa kulirako. Mwambo ndimaudziwa, achimwene, munandiphunzitsa ndinu. Koma munthu wakhala akumenya kampirako kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, alibe mwamuna, alibe mwana, alibe china chimene amadziwa. Chikamuthera, inu mumati sipanafe kanthu?

Ngati ndinalakwa, ndinalakwa. Koma kumusiya yekha sindikanatha.

Rabecca

Thondwe
10 Disembala 2005

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinaiwerenga kuseri kwa kalasi, ndipo ana anadabwa kuti aphunzitsi alowa mochedwa. Ine ndinkanyadira maliro a alamu, kuti tinawaika mwaulemu. Sindinafunsepo kuti iwe unali ndi ndani. Pepa, Rabecca. Ndachedwa nalo pafupifupi zaka zisanu, koma landira.

Tsopano za mlendo. Kwathu kuno mlendo akachoka osatsanzika, mwinimbumba sakhala pansi, amamulondola kukafunsa chimene chinalakwika. Mwinimbumba wako ndine, ngakhale uli kutsidya la nyanja. Ndiye m'envulopu muno muli kalata ina ya Dana, m'Chingerezi changa cha pa bolodi. Upereke kwa abusa atumize. Usakonze kalikonse.

Kuti usavutike ndi kuisuzumira padzuwa, ndikuuziratu zimene ndalemba. Ndamuuza kuti ndine mkulu wa banja limene anagonamo. Ndamufotokozera kuti zimene anaona zija timachitira munthu amene wataya wake, ndipo tanthauzo lake si lakuti zatha, koma lakuti sitikusiya wekha. Ndamuuzanso chifukwa chake iwe unachita zimenezo. Undikhululukire, ndaulula za m'bafa zija. Pomaliza ndati: ngati mwasiya ntchito yanu chifukwa cha bondo, tilibe mawu. Koma ngati mwasiya chifukwa cha ife, nenani, mlandu suwola, banja lathu lilipira mbuzi.

Alamu ako akuti munthu wa ku America mbuzi akaisunga kuti. Ndawauza kuti zimenezo ndi zake.

Khirisimasi yabwino kwa iwe ndi Anjimile.

Lyson

Woolwich
19 Malichi 2006

Achimwene okondedwa,

Moni nonse. Khalani pansi kaye musanawerenge. Dana anaimba foni dzulo.

Poyamba tinapatsana moni. Kenako anati, "Mama Becca, auzeni amalume asunge mbuzi yawo." Tinaseka mpaka ndinakhala pansi m'khitchini.

Akuti sitinamuthamangitse. Anathawa chifukwa sanadziwe kuti atiyang'ana bwanji kutacha. Chiyambire, akagonja, bambo ake ankayendetsa galimoto ulendo wonse osamulankhula. Atakula, mphunzitsi ankangomusiyira kapepala ka zimene walakwitsa. M'chipinda chosinthira zovala anzake amamulambalala wogonja ngati ali ndi chifuwa chachikulu. Ndiye iye anazolowera kuti ukagonja umabisala mpaka nkhope itauma. Ife tinamuona nkhope isanaume, manyazi ake anali amenewo.

Kusiya anasiyadi, akuti anali atatopa. Koma kalata yanu anaiwerenga katatu ataima m'kasitolo kaja. Chimene chinamugwira ndi funso lanu, loti wasiya chifukwa cha chiyani. Akuti anafufuza yankho loti akulembereni, ndipo anapeza kuti si bondo, bondo likupola. Anasiya chifukwa choopa chipinda chija chokiya, chimene chimamudikira akagonja.

Wayambiranso mwezi watha. Nambala yake inatsika kwambiri, ndiye akuyamba pansi, timipikisano ta m'matauni ang'onoang'ono, akuyendetsa yekha galimoto, oonerera nthawi zina anthu khumi ndi galu. Chaka chino ku Roehampton sangamulandire. Akuti akakwera mokwanira adzabwera chaka chamawa, ndipo kumeneko ndiye kudzakhala kuyesa komaliza, chifukwa adzakhala ndi zaka 31.

Ndinauza mayi Gladys, anangoti, "Ndinadziwa." Bodza, nawonso samagona nazo.

Rabecca

Thondwe
28 Meyi 2007

Rabecca,

Moni kwa iwe ndi Anjimile. Kuno chaka chino takolola, nkhokwe yachita kukana.

Mapositikhadi a Dana amene umanditumizira ndinawamata kukhoma kwa kalasi. Ana a Sitandade 7 tsopano amadziwa matauni a ku America kuposa maboma a dziko lawo lomwe. Akapambana amaomba m'manja, akagonja amafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye asiya?" Ine ndimati dikirani kalata ina.

Wanena kuti nambala yake yakwana ndipo afika pa 10 Juni. Ulendo uno usamusiye apite yekha. Sinthanitsa shifiti, ugwade ngati n'kofunika. Ndipo undilembere tsiku lomwelo, usadikire kuti mtima ukhale pansi. Ine ndi amene ndinamulondola mwanayo, ndiye akagwa ndigwa naye.

Lyson

Woolwich
21 Juni 2007

Achimwene,

Moni. Ndalowa m'nyumba posachedwapa, nsapato sindinavule, ndikulemba monga munanenera.

Sewero loyamba ndi lachiwiri anapambana. Ndinapita ndekha Lachiwiri, koma kunena zoona ndinkangoyang'ana pansi n'kumapemphera, ndinadziwa kuti wapambana atabwera kudzandikumbatira. Lero linali lachitatu, lomaliza. Tinapita asanu ndi awiri, omwe aja. Mayi Gladys anauza abwana awo kuti mwana wawo ali ndi mayeso.

Malo ake si bwalo lalikulu lija la pa TV ayi. Ndi kapinga wamkulu wodulidwa mabwalo ambirimbiri, timipando tapulasitiki m'mbali. Dana anatichenjeza m'sitima kuti mpira ukamaseweredwa sitilankhula, sitiimba, ngakhale kutsokomola tidikire. Chimene anaiwala kutiuza ndi kawerengedwe kake. Bambo wokhala pampando wautali amati 15, kenako 30, kenako 40, kenako wayambiranso. Inu aphunzitsi mukanamuchotsa m'kalasi. Ife tinangoganiza zoyang'ana nkhope ya Dana.

Mnzakeyo anali kamtsikana ka zaka 19, kowonda, koma kakamenya mpira umamva ngati kakuwaza nkhuni. Dana amathamangira uku, mpira wapita uko. Nkhope yake inayamba kuda. Pasanathe theka la ola bambo uja ananena mawu ambiri, anthu anaomba m'manja, onse awiri anapita kukakhala. Dana anadzifunda thawulo kumutu n'kuwerama. Kamtsikana kaja kananyamula kachikwama n'kutuluka m'bwalo.

Mayi Gladys anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Zatha, amayi. Tiyeni."

Sitinafunsane. Tinadzuka pa timipando tija, tinayala zitenje pa kapinga m'mbali mwa bwalo, tinavula nsapato, n'kukhala chotambalala moyang'anana ndi mpando wake, kuti akachotsa thawulo asaone kuti ali yekha. Azungu amatiyang'ana. Ife sitinasamale. Mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu okulemberani.

Anachotsadi thawulo. Anationa. Anatiyang'ana kuyambira uku mpaka uko, azimayi asanu ndi awiri, nsapato zili pambali mondandalika. Pakamwa pake panayamba kunjenjemera, ine n'kumati akulira. Achimwene, anaseka. Anaseka mpaka anagwira m'mimba, bambo wa pampando wautali anachita kutembenuka. Kenako anatiloza ndi chomenyera chija n'kunena kuti, "Mama, sindinafe."

Mkulu wina wachizungu amene anali pafupi anawerama n'kutinong'oneza kuti chimene chatha ndi chigawo choyamba chokha, wopambana ayenera kutenga ziwiri, ndipo mtsikana uja wangopita kuchimbudzi. Manyazi ake, ndinafuna kulowa pansi pa chitenje. Ndinati tidzuke. Mayi Gladys anati, "Takhala kale. Aone kuti kaya zitani, tilipo."

Ndiye sewero lonse lotsalalo tinaonera pansi pomwepo. Sindingakuuzeni kuti chinasintha n'chiyani, ine za tenisi sindidziwa. Ndinangoona kuti mapewa ake atsika, wayamba kuthamangira kutsogolo pafupi ndi ukonde, n'kumagwetsa timipira tofewa pamene kamtsikana kaja sikangafike. Mkulu uja anasanduka wotiwerengera, amatiuza ndi zala. Chigawo chachiwiri Dana anatenga movutikira. Chachitatu bondo linayamba, anaitanitsa womanga bandeji, amatsimphina akamapita kukatenga thawulo. Mayi wina pambali panga anandifinya mkono, chizindikiro chake ndikuchiona pano.

Mpira womaliza sindinauone, ndinatsinzina. Ndinangomva nthungululu ya mayi Gladys, ya kumudzi yeniyeni, mpaka a pabwalo loyandikana anaima kusewera.

Wapambana, achimwene. Lolemba kapena Lachiwiri akasewera ku Wimbledon. Akuti kaya akagonja tsiku loyamba lomwelo, chaka chino achimaliza, ndipo chamawa adzaona mmene bondo linenere. Muwauze ana a Sitandade 7.

Atagwirana chanza ndi mnzake uja, panali munthu wa nyuzipepala akumudikira. Anamupempha kuti adikire kaye. Anabwera kwa ife, anavula nsapato zake n'kuziika pamzere pamodzi ndi zathu, anakhala pakati pa ine ndi mayi Gladys, n'kuwongola miyendo. Kenako analira, kuposa tsiku lija, pamaso pa anthu onse, osabisa nkhope.

Ine ndinati ndimutonthoze. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka si mawu. Ndinalira, achimwene, mokweza, mmene sindinalirirepo chifikire m'dziko lino, ndipo si za mpira. Dana anadziwa, chifukwa munamuuza. Anandigwira dzanja ili, mayi Gladys linalo, amayi ena anasendera pafupi. Palibe anandifunsa kanthu, palibe anati tonthola. Anakhala nane mpaka ndinamaliza ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Rabecca